Mzee Yoswa, Mdzukulu wa Nambewe

Zaka za m'ma 1970 zili pafupi kutha, kuno ku Ruaka kunalibe nyumba zosanjikizana ngati ino takhalamoyi, kunali minda ya khofi, nthochi ndi kamsika kamodzi m'mbali mwa msewu, ndipo ukatsika basi nyengo ya mvula nsapato unkazinyamula m'manja chifukwa cha matope ofiira aja. Ine nthawi imeneyo ndinali nesi pa chipatala china ku Upper Hill, malemu amuna anga a Chisale akugwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri, ndipo Amalawi tinalipo ochepa moti tikasonkhana Lamlungu tinkakwana pabalaza limodzi, osati ngati lero pamene inu ana a sukulu nokha mukudzaza holo. Mwandifunsa ngati ndinapezako anthu akwathu akalekale mu Kenya muno. Ndikuuzani za munthu mmodzi amene ku Malawi sanapondeko chibadwire, koma sindinganene kuti anali mlendo kwa ife. Sendera kuno Chisomo, mawu anga masiku ano sapita patali.

Mu wodi ya abambo munagonekedwa mkulu wina amene anathyoka mwendo atagwa potsika basi. Dzina lawo linali Yoswa, ndipo aliyense ankangoti Mzee Yoswa, poti m'Chiswahili munthu wachikulire amamulemekeza ndi mawu oti Mzee. Anali aatali, aukhondo, opuma pa ntchito ya ukalaliki ku njanji, ndipo Chiswahili chawo chinali chosalala cha kugombe la nyanja, osati chathu chino cha mu Nairobi chodukaduka chimene inu mumakanganira nacho m'maminibasi a matatu aja. Mapepala anga a unesi anali ndi dzina la bambo anga, ndiye pachipatalapo ndinkadziwika kuti Sisita Mbewe. Tsiku lina ndikuwasintha bandeji, dokotala anandiitana ndi dzina limenelo, ndipo nditabwerera pa bedi paja ndinapeza mkuluyo akundiyang'anitsitsa.

"Mbewe ameneyu ndi wa kuti?" anandifunsa m'Chiswahili.

Ndinati, "Wa ku Malawi, Mzee."

"Malawi ndiye ku Nyasa kuja?"

"Komweko."

"Nanga mkazi wobadwira kwa a Mbewe mumamuitana kuti chiyani?"

Nditawauza kuti Nambewe, anati, "Agogo anga, obereka mayi anga, anali Nambewe. Ndiye kuti iwe ndiwe agogo anga." Kuyambira tsiku limenelo munthu wa imvi mbuu uja ankanditcha agogo, ine ndili mayi wa ana awiri aang'onoang'ono, ndipo anesi anzanga ankaseka nazo.

Mwendo wa munthu wachikulire sulumikizana msanga, ndiye anakhalitsa mu wodimo, ndipo nkhani yawo ndinaimva pang'onopang'ono, lero kachidutswa, mawa kachidutswa, ntchito ikachepa masana. Inu mukamva za ukapolo mumaganiza za zombo zopita ku Amereka, ndipo n'zoona, anthu ena a kwathu anatsitsidwa ndi mtsinje wa Zambezi n'kukakwezedwa mobisa kuwoloka nyanja yaikulu ija malamulo ataletsa kale malondawo, koma panalinso njira ina yolowera kum'mawa, ndipo agogo a Mzee Yoswa anadzera imeneyo. Anatengedwa ali kamtsikana koti mano osinthira angomera kumene, anawolotsedwa nyanja yathu, anayenda pansi miyezi mpaka ku Kilwa, ndipo kumeneko anawapanikiza pansi pa chombo cha matanga pamodzi ndi ana ena. Poti malondawo anali ataletsedwa, eni chombo ankayenda mozemba, ndipo ana sankaloledwa kutulukira pamwamba. Chombocho chinagwidwa panyanja ndi sitima ya nkhondo ya Angerezi, ndipo amene anapezeka amoyo anakawatsitsa ku Kisauni, kumtunda moyang'anana ndi chilumba cha Mombasa, pamalo a amishoni.

Kumeneko, ana inu, kunasonkhana anthu amene sanasankhane. Kunali Anyanja, Ayao, Amakua ndi mitundu ina ya kumpoto, aliyense ndi chinenero chake, wopanda mayi, wopanda bambo, ndipo njira yobwerera kwawo panalibe amene ankaidziwa. Ndiye anayamba pomwepo. Anamanga nyumba, anamanga tchalitchi ndi sukulu, anabzala mango ndi kokonati, anakwatirana osayang'ana mtundu poti panalibe wofunsa, ndipo anapachika belu loti liziimbidwa ogwira anthu akaoneka pafupi, chifukwa ngakhale anali omasulidwa, mwana akasochera yekha kuthengo ankatha kubedwanso. Kamtsikana kaja anakabatiza dzina loti Mariya, kanakula, kanakwatiwa ndi mmisiri wa matabwa wa Chiyao amene anatsika m'chombo china, ndipo ana awo anakula akulankhula Chiswahili ndi Chingerezi basi. Ana a m'mudzi umenewo ndiwo anadzakhala aphunzitsi, akalaliki ndi omasulira m'dziko muno pamene ena ambiri anali asanaone sukulu, koma anthu ozungulira sanasiye kuwatcha watumwa, ndiko kuti akapolo.

Chinenero cha kwawo Mariya anachiiwala, anangotsala ndi dzina la Nambewe ndi mawu owerengeka. Mzee Yoswa ankadziwa "madzi", ankadziwa "bwera kuno", ndipo ankawatchula molemera lilime koma omveka. Tsiku lina anandiuza kuti panali mawu ena amene agogo awo ankabwereza akadwala malungo atakalamba, ndipo ana anawatola poganiza kuti ndi pemphero la kwawo, moti m'banjamo munthu akamakwera sitima yopita ku Nairobi ankamunenera mawuwo ngati dalitso.

"Ndiuze tanthauzo lake," anatero. "Malume msandisie."

Ndinawapempha kuti abwereze, osati chifukwa sindinamve, koma ndinkafuna nthawi yoganiza. Atabwereza ndinawauza zoona, kuti malume ndi mlongo wa mayi, ndipo mawuwo ndi a mwana amene akupempha amalume ake kuti asamusiye.

Kenako anati, "Agogo ankatiuza kuti anawagwira kumtsinje. Za amalume sanatchulepo."

Ndinawafotokozera kuti kwathu kalelo mwana anali m'manja mwa amalume ake, ndipo pa njala kapena pa mlandu ana ena ankaperekedwa ngati chikole, koma n'kuthekanso kuti munthuyo anangothawa ataona anthu a mfuti, kapena nayenso anagwidwa n'kupatulidwa panjira. Ndinati sitingadziwe. Iwo anavomera kuti sitingadziwe, ndipo anapempha kuti ndiwakwezere pilo. Patapita masiku anandiuza kuti akaletsa alongo awo kunenera ana mawu amenewo pa sitesheni.

Atatuluka m'chipatala ubale wathu sunathe. Ankakhala ndi mwana wawo wamwamuna, Filipo, m'nyumba za njanji chakum'mawa kwa tauni, poti mayi a m'nyumba anali atamwalira kale, ndipo ife tinkapitako ndi a Chisale, iwonso ankabwera kwathu ndi ndodo yawo. Filipo anali mnyamata wophunzira, wogwira ntchito ku banki, wovala bwino, ndipo bambo ake akayamba nkhani za ku Kisauni iye ankapeza chochita panja. Anali pa chibwenzi ndi mphunzitsi wina dzina lake Wanjiru, kwawo konkuno ku Ruaka, kumunsi uko kumene lero kuli malo omwetsera mafuta galimoto, ndipo nthawi itakwana yokaonekera kwa makolo a mkazi, Mzee Yoswa anatipempha kuti tikakhale nawo kumbali yawo, monga mmene kwathu munthu amapitira ndi ankhoswe.

Masiku ano mumapezana pa foni, makolo n'kudzamva zonse zitatha, koma nthawi imeneyo kwa Akikuyu funso loyamba linali lakuti mnyamata ndi wa nyumba ya yani ndipo malo a makolo ake ali kuti. Filipo ankalidziwa funso limenelo ndipo ankaliopa. Sabata yoti tipite, anandipeza pa geti la chipatala ndikuweruka.

"Mayi, ndili ndi pempho," anatero. "Mukakafika kumeneko mukanene kuti ndinu azakhali athu ochokera ku Malawi, ndipo agogo athu anabwera kuno kudzagwira ntchito ya njanji. Za chombo zija zisakatchulidwe."

Ndinamufunsa ngati bambo ake akudziwa za pempholi.

"Bambo ndi okalamba, sakumvetsa. Wanjiru akudziwa zonse ndipo alibe nazo vuto, koma ali ndi bambo ake aakulu, a Njoroge, amene ananena kale kuti m'banja mwawo simulowa munthu wosadziwika kochokera. Akamva mawu oti mtumwa, zatha."

Sindinamulonjeze kanthu, koma sindinamukanirenso, ndipo musaganize kuti yankho linali lapafupi. Mnyamatayo ankamukonda mtsikanayo, bodza limene ankapemphalo linali laling'ono, ndipo panalibe amene akanapita ku Malawi kukafufuza. A Chisale nditawauza anangoti dzinalo ndi langa, ndione ndekha chochita nalo.

Tsikulo tinafika chakum'mawa pa galimoto ziwiri, ife, Mzee Yoswa, Filipo ndi akuluakulu awiri a ku Kisauni amene ankakhala mu Nairobi momwemuno. Anatilandira bwino, anatipatsa tiyi wa mkaka ndi chakudya chawo chija cha mbatata yosinja pamodzi ndi chimanga ndi masamba, kenako abambo anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, ine n'kundipatsa mpando chapambali poti ndinali mlendo wochokera kutali. Bambo ake a Wanjiru anali munthu wochepa thupi, wosalankhulalankhula, ndipo amene ankayendetsa nkhani anali a Njoroge aja. Anafunsa za ntchito ya Filipo, anafunsa za mpingo, ndipo zonsezo zinayenda bwino. Kenako anati, "Mayina anu ndi a m'Baibulo okhaokha. Inu ndinu a mtundu wanji, ndipo mwana wathu akakazunzika tikapita kuti kukadandaula?"

Filipo anayankha mofulumira, asanapatsidwe mpata, kuti iwo ndi a ku Malawi ndipo azakhali awo ndi awa akhala apawa. Maso onse anatembenukira kwa ine.

A Njoroge anandifunsa mwaulemu ndithu, "Mama, inu ndinu m'bale wawo wa magazi?"

Ndinati, "Dzina la agogo awo ndi langa ndi limodzi, ndipo kwathu anthu a dzina limodzi timaonana ngati abale. Koma za magazi sindingalumbire, chifukwa Mzee ndinawadziwira kuchipatala."

Ndinangonena zimenezo basi. Filipo anaweramitsa mutu, ndipo pamenepo Mzee Yoswa anagwira ndodo yawo n'kuimirira, ngakhale anthu anawauza kuti alankhule chokhala. Sanakweze mawu. Anafotokoza monga mmene anandifotokozera ine, za kamtsikana kaja, za chombo, za sitima ya nkhondo, ndipo mawu oti mtumwa anawatchula okha asanawatchule wina. Pomaliza anati, "Mtundu umodzi woti ndikutchulireni ndilibe, chifukwa m'thupi mwanga muli mitundu itatu kapena kuposa. Koma mudzi ndili nawo, anaumanga ndi manja awo anthu amene anatsika m'zombozo, ndipo akulu ake alipo. Mwana wanu akakazunzika, mukapita kumeneko."

A Njoroge anati amva, ndipo anapempha kuti a kwawo akambirane paokha. Analowa m'nyumba, ife tinatsala panja nthawi yaitali, tiyi n'kuzizira m'makapu, ndipo Filipo sanayang'ane bambo ake kapena ine. M'nyumbamo munkamveka mawu okwera a Chikikuyu amene ine sindinkawamva. Potuluka, a Njoroge anadutsa osatiyang'ana n'kulowera kumunda wa khofi, ndipo amene analankhula anali bambo ake a Wanjiru. Anati sakuvomera ndipo sakukana, koma akufuna akauone mudziwo ndi maso awo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mkuluyo anakhalako zaka m'kampu ya akaidi nthawi ya nkhondo ya ufulu, atatengedwa pakhomo pomwepo pa lole, koma ngati zimenezo ndizo zinawafewetsa mtima sindikudziwa, chifukwa iwo sanazitchule.

Mwezi wotsatira tinakwera sitima ya ku Mombasa, yakale ija yoyenda pang'onopang'ono, osati yanu ya lero imene mumapita n'kubwerako tsiku lomwelo. Ine ndinapita nawo chifukwa Mzee Yoswa anaumirira. Mudziwo ndinaupeza wochepa kuposa mmene ndinkaganizira, tauni itaupanikiza mbali zonse, nyumba zake zakale za malata a dzimbiri, koma misewu yake yosesedwa bwino. Anthu anali atamva kuti kukubwera alendo pa nkhani ya mwana wawo, ndiye anatuluka ambiri, amayi atavala zoyera, ndipo anatiphikira mpunga wa kokonati ndi nsomba. Amayi ena achikulire atamva kuti ndine wa ku Nyasa anandizungulira, aliyense ndi liwu lake limene anasiyiridwa ndi agogo ake, wina "nyumba", wina "mvula", ena a Chiyao amene ndinkangowamva pang'ono, ndipo ndikawauza tanthauzo ankagwedeza mutu n'kuuzana okhaokha.

Bambo ake a Wanjiru sanafunse zambiri. Anaona tchalitchi, anaona sukulu, anaima pa belu lija, kenako anapempha kuti awaonetse kumanda. Anayenda pakati pa mitumbira ndi chipewa m'manja, Mzee Yoswa akuwalozera kuti apa pagona Mariya, apa amuna awo, apa mayi anga, apa mkazi wanga, ndipo malo otsala awa ndi anga. Pobwerera bambo ake a Wanjiru aja anauza akulu a mudziwo kuti, "Ndaona kumene mumaika anthu anu. Pakakhala nkhani ndikudziwa kobwera." Mawu awo onse pa ulendowo anali omwewo, ndipo za mbuzi za chiwongo anakambirana pambuyo pake.

Ukwati unachitika chaka chotsatira konkuno ku Ruaka. A Njoroge sanabwere, ndipo mpaka imfa yawo Filipo sankamupatsa moni, akakumana pa maliro ankangodutsana. Filipo nayenso anandisungira mkwiyo nthawi ndithu, pa ukwatipo anandigwira chanza ngati mlendo wamba, ndipo ine sindinamuimbe mlandu, poti zinthu zikanatha kupita kwina ndipo wotaya mkazi akanakhala iye, osati ine. Ana awo anakula akulankhula Chikikuyu cha mayi awo ndi Chingerezi cha kusukulu, ndipo m'nyumba mwawo za ku Kisauni sizinkakambidwa.

Chaka china tikupita kutchuthi kumudzi, a Chisale anauza Mzee Yoswa kuti tiwatenge akaone ku Malawi, ndipo ine ndinkaganiza kuti alumpha ndi chimwemwe, koma anakana. Anati, "Ndikafika kumeneko ndikagogoda pakhomo pa yani? Mudzi sindiudziwa, mtsinje sindiudziwa. Mukangondiuza mmene kukuonekera." Titabwerako ndinawauza za mapiri a ku Dedza ndi za fumbi la mwezi wa Okutobala, ndipo anamvetsera mwachidwi monga mmene munthu amamvera za dziko la eni. Anamwalira chapakati pa zaka za m'ma 1980, atadwala chibayo masiku ochepa, ndipo tinakawaika ku Kisauni.

Patapita zaka pafupifupi khumi, Loweruka lina masana, Filipo anafika kunyumba kwathu yekha, tsitsi litayamba kuyera m'mbali. Anakhala pampando, anamwa tiyi, anafunsa za ana, ndipo ndinaona kuti chimene wadzera sichinatuluke. Kenako anati mwana wake wamkazi woyamba, amene anali atayamba sekondale, wakhala akumufunsa kuti agogo a agogo ake anali ndani, anachokera kuti, ndipo iye anapeza kuti akudziwa mutu wa nkhani wokha.

"Bambo akamafotokoza ine ndinkatuluka panja," anatero. "Azakhali anga nawonso anapita. Inu munkakhala pansi n'kumamvetsera. Ndiuzeni zimene anakuuzani."

Ndinamuuza zonse zimene ndinkakumbukira, kuyambira pa dzina la Nambewe, ndipo tinakhala mpaka dzuwa kupendeka. Zina anandifunsa ine osazidziwa, monga dzina la mmisiri wa matabwa uja ndi mudzi umene anachokera, chifukwa nanenso sindinafunse pamene wondiyankha analipo. Sabata yotsatira anabwera ndi mtsikanayo kuti adzamve yekha.

Ndiye inu mukapita kutchuthi, musathere masiku onse m'tauni ndi anzanu. Pitani kwa akuluakulu amene atsala, khalani nawo pansi, afunseni kuti amayi awo anali ndani, anachokera kuti, anasamukiranji, ndipo zina zimene mungamve sizikhala zokoma, mwina mukapeza kuti kwanu kunali wogulitsidwa, mwinanso wogulitsa, koma mverani mpaka amalize. Filipo anachita mwayi kuti panali nesi wachilendo amene anali ndi nthawi yomvetsera masana mu wodi, ndipo ngakhale zinali choncho, zimene ndinamubwezera zinali zochepa kuposa zimene bambo ake akanamupatsa.